Apongozi Anayi ndi Madebe Awiri a Petulo

Galimoto yoyamba kugona m'mudzi mwathu kwa Maganga inali ya amuna anga. Koma ndikati galimoto musaganize za zonyezimira zimene mukuona lerozi ayi. Inali bokosibode, imene adzukulu anga amati pikapu: kutsogolo mokhala anthu awiri, kumbuyo bokosi lamatabwa. Tinaipeza patangopita zaka zochepa nkhondo yaikulu itatha, ili nkhalamba kale. Amuna anga anali kalipentala ku siteshoni ya sitima ku Salima. Anakhomera mmwenye wina denga la sitolo, ndipo mmwenyeyo m'malo mowalipira anangowalozera chigalimoto chimene chinali kuseri, nkhuku zikuikiramo mazira. Anachigwiragwira miyezi ingapo akaweruka, mpaka tsiku lina chinatsokomola, chinalira, ndipo anafika nacho pakhomo. Ine ndinagwada pabwalo pomwepo kuthokoza Ambuye, ana a m'mudzi akuthawa.

Za petulo anagwirizana ndi mnansi wathu wina, Msilamu, mwini makoka. Amuna anga azinyamula madengu ake a nsomba m'mawa uliwonse kuti akakwere sitima, iyeyo azipereka madebe awiri a petulo Lolemba lililonse. Mmwenye uja anali atalumbira kuti madebe awiri amakwanira sabata yonse, kupita ndi kubwera.

Sanakwanire. Lachinayi lisanathe thanki inali gwaa. Lachisanu ndi Loweruka amuna anga ankayenda pansi, kukafika ku ntchito dzuwa litakwera, ndipo nsomba zinkapita pamitu ya anthu ngati kale. Mwini makoka ankabwera madzulo, n'kukhala pakhonde, chisoti chake choyera chili pabondo.

"Achimwene, kodi galimoto yanuyi imamwa petulo kapena imasamba?"

"Ndikuifufuza, achimwene."

"Wallahi, debe lachitatu ndilibe. Kapena muziithira madzi a m'nyanja, ngambiri."

Kapitawo wa ku ntchito ndiye sankaseka. Anati ngati sangathe kufika nthawi yabwino, atenge chipinda ku komboni ya pa siteshoni, azibwera kumudzi Loweruka lokha. Ndinali ndi mwana mmodzi wakhanda, ukwati udakali wauwisi, ndipo ndinkadziwa amuna angapo amene anatenga chipinda ku komboni. Poyamba ankabwera Loweruka lililonse, kenako pakutha pa mwezi, kenako ankangotumiza sopo.

Choncho amuna anga analowa pankhondo yolimbana ndi ludzu la galimoto. Anadula bango, nalilemba mizere ndi pensulo ya ukalipentala, ndipo m'mawa ndi madzulo ankalipisa m'thanki, kuliyang'anitsitsa ngati sing'anga. Iwo kwawo kunali ku mapiri a ku Dowa, ndiye nzeru yawo yoyamba inali yozimitsa injini pamtsetse kuti galimoto iziyenda yokha. Kwawoko zimatheka. Koma kuno kwathu dziko n'logona ngati mphasa. Mtsetse umene anaupeza unali chulu cha kuseri kwa nyumba yathu basi. Galimoto inayamba kugona pamwamba pa chulupo, mphuno italoza kumsewu, mwala uli kutayala. M'mawa ine ndinkachotsa mwala, iwo ali pachiwongolero, ndipo ikalira tinkapulumuka kupukusa hendulo yolizira injini. Ikakana, inkakaima m'chinangwa cha malume.

Anatsuka mapulagi ndi mswachi wawo womwe. Anapopa matayala mpaka kulimba ngati mtondo. Izi zinathandiza pang'ono, petulo anayamba kufika mpaka Lachinayi madzulo. Kenako munthu wina wa pa siteshoni anawanamiza kuti asakanize ndi palafini. Tsiku limenelo galimoto inatulutsa utsi woyera wodzaza mudzi, n'kuwomba ngati mfuti kawiri, ndipo mbuzi ya amayi inadula chingwe, tinakaipeza ku Lifuwu.

Atatero anati vuto ndi kulemera. Anachotsa chitseko cha kumbuyo. Anachotsa tayala lapadera. Anachotsa madigadi, malata ophimba matayala aja. Sabata yotsatira anachotsa zitseko zonse ziwiri za kutsogolo, n'kumanga chingwe kuti munthu asagwe. Madzulo ena ndinawapeza akuyeza mpando ndi manja, kenako anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a mwana, ine simundichotsa," ndinatero.

"Ayi, ndimangoganiza."

"Muziganizira kwina."

Tsopano ndinene za mwambo, pakuti ana a masiku ano amadya mbale imodzi ndi apongozi awo. Nthawi imeneyo mkamwini sankayang'anana ndi amayi a mkazi wake. Sankalankhulana maso ndi maso. Akaonana panjira, mkamwini ankapatuka kulowa patchire, apongozinso ankapatuka, aliyense nkhope kumbali. Amuna anga analeredwa bwino, Mulungu awapumitse, mwambo umenewu ankausunga koposa aliyense. Ndipo apongozi sanali mmodzi. Amayi anga anali ndi akulu awo mmodzi ndi ang'ono awo awiri, onse m'mudzi momwemo, onse apongozi. Madimba awo a mpunga anali m'mbali mwa msewu wa ku Salima, ndipo onse ankalawirira nthawi imene galimoto inkanyamuka.

Zonsezi ndinkazidziwa, koma sindinaziphatikizepo ndi petulo mpaka tsiku limene mwana anadwala maso, ine n'kukwera nawo kupita kuchipatala. Ndinakhala kutsogolo, mwana pamiyendo, dzanja lina litagwira chingwe chija. Nsomba zinali kumbuyo.

Tisanapite patali ndinaona amayi aakulu kutsogolo, khasu paphewa. Mwadzidzidzi galimoto inakhota, kusiya msewu, kulowa mumchenga pakati pa migwalangwa. Injini inabangula pa giya yoyamba, matayala olimba aja akukumba, ife tikudumphadumpha.

"Kodi tikupita kuti?"

"Apongozi," ananong'ona, maso ali pansi.

Tinazungulira chigunda chonse n'kukatulukira kutsogolo kwenikweni. Tisanapume, uko kunatulukira mayi wina wa duku lofiira. Galimoto inakhotanso.

"Amenewo si amayi! Ndi mkazi wa kumadoko, wogulitsa mandasi!"

"Duku n'lofanana. Ndikadikira kuti ndione nkhope ndiye kuti ndawayang'ana kale."

"Mumachita chonchi tsiku lililonse?"

"Kupita ndi kubwera. Nanga mukufuna ndidutse pamaso pa apongozi nditakhala pampando ngati bwanamkubwa? Chitseko chobisalira n'chomwe ndilibe."

Kachitatu anali amayi anga enieni. Iwo atamva kulira kwa galimoto anachita zoyenera, anapatukira kumanzere. Amuna anga nawonso anali atakhotera kumanzere. Amayi anathamangira mkati, galimoto ili pambuyo pawo ngati ikuwathamangitsa. Atatopa anaima kuseri kwa mgwalangwa, koma amayi anali munthu wathupi, mtengowo unangobisa pakati, mbali zonse ziwiri zikuoneka. Amuna anga anaponda buleki, anakokera chipewa kumaso, ndipo galimoto inatitimira mumchenga mpaka m'mimba. Injini anaisiya ikulira, poti pamenepo panalibe chulu.

Dzuwa linali kukwera, ntchentche zinayamba kufika kunsomba. Kenako amayi analankhula ali kuseri kwa mtengo, kulankhula ndi khanda la miyezi isanu.

"Iwe kamwana, tawafunsa bambo ako ngati chinthu chawochi chafa."

"Uwauze agogo ako kuti sichinafe, changotitimira," anayankha amuna anga m'chipewa.

"Uwafunse kuti msewu wonse uja anauona kuchepa?"

"Uwauze kuti ndimawapatsa ulemu."

"Uwauze kuti ulemu wawo wandithamangitsa, chitenje changa chatsala paminga."

Mwana anangoyetsemula. Ine kuseka kunandigwira mpaka misozi, koma ndinatsika, mwana kumsana. Amayi anakumba ndi khasu lawo kumatayala, ine ndinayala masamba a mgwalangwa, ndipo pokankha amayi anatembenuka n'kukankha ndi msana kuti asaone mkamwini. Galimoto itatumpha, iwo anakhala pansi phi! Amuna anga sakanatha kuima, sakanathanso kucheuka. Ndinathamangira galimoto n'kudumphiramo.

"Agwa?"

"Akhala pansi."

"Iwe mwana, ukawapepese agogo ako."

Sitima tinaipeza itapita. Nsomba tinazigulitsa motchipa pa msika, ndipo madzulo amuna anga anabwera ndi kiyi wa chipinda cha ku komboni, naika pazenera. Kapitawo anati asamuke mwezi ukatha.

Usiku umenewo ndinapemphera kwambiri. Sindikanawauza amuna anga kuti aleke kulemekeza amayi, akanaona ngati ndawatukwana. M'mawa ndinatsatira amayi kudimba. Tinazula udzu mumpunga kanthawi, madzi ali m'maondo, kenako ndinawafotokozera zonse: za bango, za madebe awiri, za kuzungulira m'mchenga, ndi za kiyi ali pazenera.

Amayi anaweramuka, nagwira m'chiuno. Bambo anga anapita ku Halale ine ndili wamng'ono, akuti akagwire ntchito chaka chimodzi. Sanabwerenso. Nkhani imeneyi amayi sankaikamba, ndipo tsikulonso sanaikambe. Anangoti, "Ndiye kuti petuloyo ndikumwa ndine?"

"Inu ndi amayi aakulu, ndi amayi aang'ono onse awiri. Ndi aliyense wa duku lofiira."

"Ha! Munthu sindinakwerepo n'komwe."

Anapitiriza kuzula udzu. Patapita nthawi anati, "Ukawauze malume ako abwere Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndipo amuna ako agule nsalu."

Mwambo womwewo unali ndi khomo lake lotulukira. Mkamwini akakhalitsa, mwana n'kubadwa, apongozi akafuna ankatha kum'masula: iwo apereke nkhuku, iye apereke nsalu, agwirane chanza pamaso pa malume, basi kuthawana kwatha. Ambiri ankadikira ana atatu kapena anayi. Amayi sanadikire.

Lamulungulo tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Amayi anabwera ndi tambala wofiira, amuna anga ndi nsalu yabiriwira. Malume atalankhula, anati, "Mkamwini, kwezani maso." Anakweza pang'onopang'ono. Amayi anawayang'anitsitsa, n'kuwomba m'manja.

"Kani muli ndi mpata m'mano? Zaka zonsezi ine ndimangodziwa nkhongo yanu!"

Anthu anaseka mpaka malume anatsamwa fodya. Koma nkhani inali isanathe. Apongozi atatu otsala aja anali atakhala pamzere, aliyense nkhuku yake m'khwapa, pomwe nsalu inali imodzi. Amuna anga anayang'ana ine. Amayi aakulu ndi amene anatiombola.

"Nsalu tili nazo. Ife mungotinyamula m'mawa mpaka kudimba. Miyendo yatha iyi."

Ndinaona nkhope ya amuna anga ikugwa. Munthu amene anachotsa zitseko ndi madigadi kuti galimoto ipepuke, tsopano anyamule amayi anayi, ndipo mwa anayiwo woonda analipo mmodzi yekha. Koma anagwira chanza onse, nalandira nkhuku zinayi.

Lolemba mwini makoka anathira madebe ake awiri, nati, "Inshallah." Apongozi anakwera kumbuyo ndi makasu awo, anakhala pakati pa madengu, akudandaula za fungo la nsomba ngati sanabadwire kunyanja. Ine ndinachotsa mwala. Galimoto inatsika chulu, inalira, ndipo kwa nthawi yoyamba inayenda mumsewu wokhawokha mpaka kukazimiririka.

Sabata imeneyo bango sindinalione kutuluka m'manja mwawo. Lachinayi linadutsa. Lachisanu galimoto inapita n'kubwera. Loweruka madzulo anaikweza pachulu, anapisa bango m'thanki, nalitulutsa, n'kubwera nalo kwa ine. Kunsonga kwake kunali konyowa, kutalika ngati chala. Ndinalinunkhiza kuti nditsimikize, ndipo ndinayamba nyimbo yoyamika pomwepo, mwana kumsana. Mwini makoka anali pakhonde, anakweza manja nati, "Alhamdulillah!" Aliyense anathokoza m'chinenero cha pemphero lake.

Kiyi uja anam'bweza Lolemba lotsatira. Amuna anga anagona m'nyumba mwawo usiku uliwonse kufikira pamene anapuma ntchito, ndipo ana ena asanu ndi mmodzi anabadwa akuwadziwa bambo awo. Ambuye anandikomera mtima, sindiiwala.

Amayi ndi mkamwini wawo anasanduka mabwenzi oopsa. Amayi anasamukira kutsogolo, pampando wanga, ndipo ankawalangiza kayendetsedwe njira yonse. Amuna anga atafuna kubwezera zitseko anapeza chimodzi chokha. Chinacho amayi anali atatsekera khola la nkhuku, ndipo anakana nacho, anati galasi lake limathandiza kuona ngati zaikira.