Tabuleti ya Mutale

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, giredi seveni, pamene sukulu yathu ku Chawama inalandira matabuleti ophunzirira masamu. Iliyonse inali ndi kapepala ka dzina komatidwa kumsana, chifukwa inkakumbukira mwini wake. Wanzeru inkamupatsa mafunso olimba, ine inkandiwerengetsa malalanje. Ukakhoza inkawomba m'manja n'kukupatsa nyenyezi.

Ba madamu Tembo, aphunzitsi athu, anati wa nyenyezi zambiri adzapita kumpikisano m'tauni, pa basi, ndipo kudzakhala nkhuku ndi chipisi. Tonse tinkadziwa kuti ndi Mutale, mtsikana wapadesiki loyamba amene sankaseka nthabwala zanga. Nthawi yopuma ndinamatula timapepala tiwiri n'kutisinthanitsa, kuti Mutale azindisonkhanitsira nyenyezi pa tabuleti yanga, ine ndizimugwetsera pa yake.

Tsiku loyamba ndinangodinadina osayang'ana, mwangozi n'kukhoza mafunso atatu. Tabuleti inawomba m'manja n'kumuwonjezera Mutale nyenyezi. M'pamene ndinaona vuto: kuti ulakwe motsimikiza, uyenera kudziwa yankho lolondola, ulilambalale bwino. Ndiye ndinayamba kumvetsera. Ndikalakwa, mawu a mayi wina wosatopa ankabwereza phunziro, pagalasi n'kubwera chitumbuwa chozungulira choti ndichidule ndi chala, magawo anayi, kenako asanu ndi atatu, n'kuwakokera m'mbale. Kunja ma ngwangwazi akuitanira anthu mabasi, ine thukuta kamukamu, kufunafuna yankho loti ndilikane.

Mutale ankangowerenga malalanje anga. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandisowetsa mtendere.

Patatha milungu itatu, ba madamu anatolera matabuleti onse n'kulemba mafunso khumi pabolodi ndi choko.

“Tabuleti isunga nyenyezi, koma siona nkhope,” anatero. “Lelo nifuna kuona mitu.”

Mutale anakhoza onse. Ine, amene ndinali ndisanapitirirepo atatu, ndinakhoza asanu ndi atatu. Ndinayang'ana kawiri dzina papepalalo, mwina wina wandisinthanitsira.

Ba madamu anandiitana: “Yohane, kumpikisano bafuna bawiri. Uzayenda na Mutale, ndiwe wachiwiri. Na tumapepala tuja ubweze pamene unatuchosa.”

M'basi ndinamufunsa Mutale monong'ona kuti anadziwa liti.

“Siku yamene ija. Unamatika dzina yanga chadodolido, iwe chipuba, wopusa iwe. Ninabauza ba madamu, banati nikusiye ugwire nchito.”

Tsopano ndili kusekondale, ndipo sindikudziwabe amene anapusitsa mnzake pakati pa ine, Mutale, ba madamu ndi mayi wachitumbuwa uja. Sindidziwanso ngati chinali chilango, poti chilango chokhala ndi nkhuku sindinachionenso. Kulapa sindinalape. Chimene ndamvetsa n'chakuti mutu wanga umagwira bwino ukamaganiza kuti ukuononga. Ndauza aphunzitsi anga onse kuti andinyenge chimodzimodzi, koma iwo amangondipatsa chikwakwa.