Loweruka Lomwe Tinawokera Fodya wa Timu Yonse

Chaka chomwe ndinali mu Fomu 3, kope langa lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku linadzaza ndi nkhani za mpira, chonsecho mpirawo sindinkaukonda. Chinandikokera kubwalo ndi achimwene anga, omwe anali goloboyi wa timu ya kwathu ku Bolero. Adada anali mkulu wa mpingo, ndipo sankaona phindu loti mwana womaliza Fomu 4 azingodziponya m'fumbi Loweruka lililonse. Ligi isanayambe anawakhazika pansi achimwene n'kuwauza mwachidule kuti timu ikatsala mu ligi ya chigawo apitiriza kusewera, koma ikatuluka anyamule chikwama apite ku Hewe kukayang'anira matenanti a m'minda ya fodya ya amalume.

Ine sindinkafuna kuti apite. Ndi iwo ankandinyamula panjinga popita kusukulu, ndiponso ndi iwo okha ankatha kuwaseketsa adada pa chakudya. Akachoka ngakhale masiku awiri, nyumba yathu inkangoti zii ngati tchalitchi Lolemba.

Koma timuyo, abale! Yunifolomu tinapatsidwa ndi munthu wina amene ankafuna uphungu, ndipo atagwa pa chisankho sitinamuonenso, moti manambala ena anafufutika mpaka kumalembedwa ndi choko. Osewera pafupifupi onse anali alimi a fodya. Izi aliyense ankazidziwa, kupatula komiti yoyendetsa timuyo. Nyengo yosankha fodya itafika, anyamata ankabwera kubwalo atatopa kale ndi ntchito ya m'zigafa, ndipo tinagonja motsatizana. Tsiku lina timu inayenera kukasewera kutali. Wapampando, bambo wa sitolo ya zitsulo pamsika, analonjeza pikapu yake. Anyamata anadikira pamsewu, nsapato zili m'manja, mpaka dzuwa kupendeka. Pikapuyo inali itapita ku Mzuzu ndi mabelo a fodya. Mapointi anapita kwa anzathu osatuluka ndi thukuta lomwe, ndipo wapampando anati vuto linali la dalaivala.

Kuyambira pamenepo tinakhala kunsi kwa ligi. Masapota ankasonkhana pakhonde la sitolo ija madzulo aliwonse, aliyense ndi nzeru zake. Wina ati kochi achoke, wina ati bwalo lathu anthu analikwirira mankhwala, wina ati oyimbira amadana ndi Bolero. Woti anene kuti anyamata akutopa ndi fodya panalibe.

Malonda a fodya atatha, zinthu zinasintha. Anyamata anayamba kufika onse pokonzekera, miyendo inapepuka, ndipo m'chilimwe tinapambana masewero angapo. Achimwene anagwira penate ina mpaka kuthyoka chala, koma anangochimanga ndi nsanza n'kubwerera pagolo. Ndinayamba kulemba m'kope muja kuti mwina zitheka. Adada anangotsitsa chikwama chachikulu chomwe chinkakhala pamwamba pa kabati, n'kuchiika pakona m'chipinda chochezera, pomwe tonse tinkachiona tikamadya.

Tinafika pa masewero omaliza tikufunika kupambana basi. Kufanana mphamvu kunali kutuluka. Tinkakumana ndi timu ya ku Mhuju pabwalo lathu, Loweruka masana.

Nthawi imeneyo mvula inali itachedwa. Mbande za fodya zinali zitakula pa nazale, ndipo kutchalitchi tinkapempherera mvula sabata iliyonse. Ine ndinkayankha amen ndi pakamwa, koma mumtima ndinkapempha kuti idikireko pang'ono. Sinadikire. Lachisanu masana, tikutuluka m'kalasi, inagwa yamphamvu mpaka ngalande kusefukira.

Kwathu mvula yotere ikagwa, mawa lake aliyense amawokera. Mbande zimafuna nthaka yonyowa. Lamulungu sitigwira khasu, ndipo pofika Lolemba dothi limakhala litauma pamwamba. Choncho tsiku lowokera linali Loweruka lomwelo, tsiku la mpira. Ndinathamangira kusitolo ndili chinyowere. Ndinapeza wapampando ndi masapota akujambula ndi zala patebulo momwe osewera adzaimire.

"Bambo," ndinatero kwa wapampando, "mawa anyamata onse akhala kumunda. Mpira asewera ndani?"

"Mwana wanga, zimenezo n'zaukadaulo. Komiti ikhala pansi."

"Ikhala liti? Mvula ndi iyi yagwa kaleyi."

Sapota wina wa vuvuzela anaseka. "Iwe kawerenge bayoloje yako. Mpira uwasiyire eni ake."

"Eni akewo muli ndi makasu?"

"Tamverani mwana wa mkulu wa mpingo! Pakamwa ngati wailesi."

Ndinabwerera kunyumba misozi ili m'maso chifukwa cha ukali. Amama anandimvetsera akupeta mpunga, kenaka anaika lichero pansi, n'kumanga chitenje. Madzulo omwewo tinayenda khomo ndi khomo kwa amayi anzawo a kutchalitchi, kwa azikazi a osewera ndi kwa anzanga a kusukulu. Tinagwirizana kuti osewera onse apume, ndipo ife tigawane minda yawo, tiwokere m'malo mwawo. Ovuta anali adada.

"Mbande sizidziwa ligi," anatero. "Mnyamatayu ali ndi manja."

"Manjawo akufunika pagolo," anayankha amama. "Munda wanu tiyambira womwewo. Mukapeza phando lopanda mbande, mudzandifunse ine."

Adada anayang'ana chikwama chija, n'kutsegula Baibulo lawo. Ife tinatenga kuti avomera.

Kutacha tinali kale pa nazale, kuzula mbande n'kumazinyamula m'mabeseni. Amene sanawokerepo fodya sangamvetse. Umawerama, kuboola dothi, kuika mbande, kutsindira, kusuntha phazi, kuweramanso, mzere ukatha wina ukukudikira. Matope ankakakamira kumapazi mpaka kulemera ngati njerwa. Titamaliza munda wa adada tinapita kwa wosewera kumbuyo wina, kenaka kwa wina, dzuwa likutentha pamsana. Masapota aja anadutsa panjinga atavala kale nsalu za timu kumutu. Sanatsike. Wa vuvuzela uja anaima mwendo umodzi uli pansi n'kukuwa kuti, "Amama, mukutalikitsa mbande! Fupikitsani pang'ono!" Mayi wina anamuponyera chibuma cha matope, ndipo ndimadandaulabe kuti anamuphonya.

Tinafika kubwalo osasamba, msana wanga ukukana kuwongoka. Anyamata athu anali atapuma bwino, akudumphadumpha. Alendo ndi omwe sankaoneka. Oyimbira atayamba kuyang'ana wotchi, lole inatulukira, ndipo munatsika anthu asanu ndi atatu okha, matope mpaka m'mawondo. Mvula ija inagwanso ku Mhuju. Iwo anawokera okha m'mawa wonse, ndipo ena makolo awo anawakaniza kubwera. Pagolo anaikapo mnyamata amene sanagwirepo.

Bwalo lonse linaphulika ndi chimwemwe. "Lero tiwamwetsa khumi!" anakuwa masapota. Anyamata athu anamva zimenezo, ndipo zinawalowa m'mutu. Aliyense anafuna kuti chigoli chikhale chake. Wopatsira mnzake panalibe. Ankamenya mpira ali kutali, wina unakagwera padenga la kalasi, wina m'munda wa aphunzitsi. Ngakhale osewera kumbuyo anathamangira kutsogolo kukafuna dzina. Alendo otopawo anangoima onse pakhomo pa golo yawo ngati ng'ombe zobisala mvula, mpira n'kumawagunda. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli.

Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa, ndikuyang'ana zikhadabo zanga zodzaza dothi. Amama anandigwira paphewa. "Walira mvula walira matope," anatero, koma nkhope yawo inali yolimba. Kenaka anaimirira, n'kupita pomwe anyamata ankamwa madzi. Sindinamve zonse, koma ndinaona akuwaonetsa manja awo mmodzimmodzi, ndipo kochi anangoyang'ana pansi.

M'chigawo chachiwiri anayamba kupatsirana, ngakhale mokakamizika. Chigoli chinabwera mochedwa, ndipo chinali chonyansa. Mpira wa pakona unagwera m'chithaphwi, anthu anaunjikana, wina anaterereka, mpirawo unamugunda m'chiuno n'kugubuduka pang'onopang'ono kulowa. Sitinasamale. Tinakuwa mpaka mawu kutha.

Koma athu, poti ndi athu, anabwereranso kutsogolo onse kukafuna chachiwiri. Nthawi itatsala pang'ono, mlendo wina anamenya mpira wautali, mnzake n'kuuthamangira yekhayekha, kumbuyo kulibe munthu. Achimwene, omwe masana onse anangoima osagwira kanthu, anatuluka n'kudziponya pamapazi pake. Ndinatseka maso. Nditatsegula, anali chigonere m'matope, mpira ataukumbatira pachifuwa.

Wezulo yomaliza italira, masapota ananyamula wapampando pamapewa. Iye analankhula nthawi yaitali. Anathokoza komiti chifukwa cha masomphenya, anathokoza masapota chifukwa chokhetsa thukuta, anathokoza ngakhale pikapu yake. Za amayi ndi atsikana amatope omwe tinaima kumbuyo kwake sanatchulepo. Achimwene okha ndi omwe anabwera akutsimphina, n'kugwira dzanja la amama ndi manja awiri powathokoza. "Yewo chomene, amama." Kwa ine anangondikoka khutu, n'kundiuza kuti ndikununkha fodya.

Adada sanabwere kubwalo. Tinawapeza kumunda, manja ali kumbuyo, akuyendera mzere ndi mzere. Anali atamva kale phokoso la kubwalo, ndipo sanafunse zigoli.

"Mzere uwu anawokera ndani?" anafunsa.

"Ine, adada."

"Zapendama. Lolemba ukaweruka udzaziwongole."

Ndinatsala pang'ono kulira ndi mkwiyo. Koma titafika kunyumba, tisanasambe n'komwe, adada anakokera mpando pafupi ndi kabati, anakwerapo okha, n'kubwezera chikwama chija pamwamba. Atatsika anawauza achimwene kuti tayala lakumbuyo la njinga laphwa, alipope lisanafike Lolemba.