Mowa wa mkamwini

Mwana wanga wamkazi anaimba foni Lamlungu lina masana kundiuza kuti akubwera kudzacheza m'nyengo yozizira, iye, mwamuna wake ndi kamtsikana kawo. Amagwira ntchito ya unamwino ku Jeremani, ndipo anakwatiwa komweko. Ukwati wawo ndinauonera pa foni. Mdzukulu wanga ndinkamudziwa nkhope ndi mawu, koma ndinali ndisanamunyamulepo. Pamene mkazi wanga anatisiya, mwanayu anabwera yekha ku maliro a mayi ake, ndipo sanakhalitse.

Ndinakondwera, ndipo m'mutu ndinayamba kale kugawa zipinda za nyumba yathu ya ku Kawale. Kenako anati, “Ababa, tidzafikira ku loji ya m'tauni. Tizidzabwera masana kudzakuonani.”

Ndinafunsa chifukwa. Anayamba wazungulira, kutchula madzi, magetsi ndi udzudzu, kenako ananena chenicheni. Mwana sadya chakudya chimene sanachizolowere, ndipo bambo a mwanayo m'mimba simuchedwa kuwavuta. “Akanakhalapo amama,” anatero, “bwenzi akudziwa chochita.”

Sindinamutsutse, pakuti ankanena zoona. Kukhitchini kunali kwa mayi ake, ine ndinangophunzira mochedwa kuphika zoti ndisagone ndi njala. Koma ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti tsiku lofika agone kunyumba. Akaona kuti sizikuyenda, apite ku lojiko, ine sindidzadandaula. Anavomera monyinyirika. Sindinkafuna kuchezeredwa ngati wodwala wa m'chipatala, amene abale amamuona pa nthawi yoikika kenako n'kumusiya. Ndinkafuna akhale m'nyumba mwanga.

Tisanadule foni ndinamufunsa zimene mwamuna wake amadya. Anatchula buledi wakuda, tchizi, soseji. Kenako anaseka pang'ono. “Pa chakudya chamadzulo amamwa botolo limodzi la mowa, ngati mmene inu mumamwera tiyi. Koma zimenezo musavutike nazo.”

Ndinavutika nazo. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo mowa sunadutsepo pakhosi panga. Ndakhalapo pa milandu ya mu mpingo ya anthu amene mowa unawapasulira mabanja, ndipo ndimaudziwa kuipa kwake. Koma munthu uyu sindinkamudziwa, ndipo kumuika pamodzi ndi zidakwa za pamsika ndisanamuone n'komwe kukanakhala kulakwa. Ndinapemphera pa nkhaniyi kwa masiku angapo. Pomaliza mtima unakhazikika pa ichi: lonjezo losamwa ndinalipanga ndine, mlendo sanalipange. Ndipo mlendo amene ukufuna kuti akhale sumamuchotsera chimene anazolowera tsiku loyamba lomwe.

Ku Biwi, kuseri kwa anyamata owotcherera zitsulo, kuli golosale imene ukaiona kunja ili ngati ina iliyonse: shuga, sopo, mafuta ophikira, matewera a ana. Mwini wake ndi mayi wa ku Ntcheu amene anaphikira azungu kwa zaka zambiri asanayambe bizinesi yake. Chakumbuyo kwa golosaleyo anaikako mashelefu ndi firiji ya zinthu zochokera ku Ulaya. Amagula kumeneko ndi eni maloji, achinyamata achizungu obwera kudzathandiza m'masukulu, ndi anzathu amene anakhalako kunja lilime n'kusintha. Mkazi wanga ankapitako pa Khirisimasi kukagula zoikira mu keke. Ine ndinali ndisanadutsepo kauntala.

Kuno kwathu ukamakagula chakumwa cha m'botolo umanyamula botolo lopanda kanthu lokasinthitsa. Choncho ndinatola mabotolo a zoziziritsa kukhosi amene anali kuseri kwa nyumba, ndinawatsuka, n'kuwaika m'chikwama. Njira yonse ankagundana, ndipo ndinkachita ngati aliyense wa mumsewu akumva kumene ndikupita.

“Akulu a mpingo, lero mwasochera?” anatero mayi wa golosaleyo atandiona ndikusuzumira kumbuyo. “Shuga ali kutsogolo kuno.”

“Ndabwerera zakumbuyoko, mayi. Ndikulandira alendo a ku Jeremani.”

“Mwana uja akubwera? Ambuye ndi abwino. Ndi apongozi omwe?”

“Ndi apongozi omwe.”

Anatsegula kachitseko ka pa kauntala n'kunditsogolera. Anandipatsa buledi wokutidwa m'pepala la pulasitiki, wakuda, wolemera ngati njerwa yootcha. Ndinamufinya pang'ono ndi chala, sanabonyoke. Mu firiji ndinaona tchizi imene inali itachita chuku chobiriwira mpaka mkati, ndipo ndinamuuza mayiyo motsitsa mawu kuti ena asamve.

“Mayi, iyi yawonongeka. Ichotseni anthu angadwale.”

“Imeneyo ndiye yodula kuposa zonse, abambo. Chukucho amachita kulima.”

“Kulima chuku?”

“Ife timadya mbewa ndi ngumbi, iwo amadya chuku. Mulungu anagawa bwino, palibe anamanidwa.”

Anandisankhira tchizi ina yachikasu yopanda chuku, nati imeneyo ngakhale mwana adya. Anaonjezera makaroni, n'kundiuza kuti ndisawaphike mpaka kusanduka phala monga timachitira ife, ndiwaphule akadali olimba pang'ono. Soseji anati ndisaikazinge ndi tomato ndi anyezi, ndingoidula. Panalinso botolo la minkhaka yoviikidwa m'madzi owawasa. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza za minkhaka imene imangoola m'madimba a kwathu ku Dedza, koma ndinalitenga.

Kenako ndinaima patsogolo pa firiji ya zakumwa.

“Nenani, abambo. Firijiyi simva maganizo.”

“Ndikufunanso chakumwa cha apongozi.”

“Mowa.”

“Umenewo.”

“Dzina lake sililedzeretsa, mukhoza kulitchula.”

Anatulutsa mabotolo aatali ofiirira a zilembo zimene sindikanatha kuwerenga, nati umenewo ndi wa kwawo kwenikweni, wa tirigu. Ine ndinatsegula chikwama n'kuyamba kundanditsa mabotolo anga pa kauntala. Mayiyo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anaseka mpaka kugwira shelefu.

“Amenewa muwatengere kunyumba. Mabotolo awa sabwerera ku Jeremani. Mukamwa, mukataye.”

“Sindimwa ine.”

“Ndiye mukaikemo tsabola.”

Tili mkati moseka, analowa mayi wina wa mu mpingo mwathu, mtsogoleri wa kwaya, kudzagula mchere. Maso ake anagwera pa mabotolo ofiirira aja. Mwini golosale anatola nyuzipepala yakale kuti awakute msanga, koma ndinamuletsa. Chinthu chimene ndapempherera sindinafune kuchinyamula ngati chakuba.

“Ndi wa mlendo,” ndinauza mayi wa kwayayo.

“Sindinafunse, abambo.”

“Koma mukafunsidwa, muyankhe choncho.”

“Ndamva. Komatu ndikakupezani mukuimba mumsewu, ndikulembani kwaya. Mabesi atichepera.”

Ndinabwerera ku Kawale chikwama chikulemera kuposa popita, pakuti mabotolo anga omwe ndinali nawo.

Anafika Lachisanu chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Mkamwini wanga ndi munthu wamtali, wofatsa, woti polowa pakhomo anachita kuwerama. Anandipatsa moni ndi manja awiri monga anamuphunzitsira mkazi wake, nati, “Muli bwanji, bambo?” Mdzukulu anabisala kumbuyo kwa siketi ya mayi ake, akundisuzumira ndi diso limodzi. Sindinamukakamize.

Mwana wanga atapita kukasambitsa mwanayo, ine ndinakonza chakudya. Kwathu mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake. Amapatsidwa malo abwino, chakudya chabwino, n'kumusiya yekha kuti adye momasuka, asachite manyazi kutafuna pamaso pa akulu. Ine ndinachitiridwa chomwecho kwawo kwa mkazi wanga kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi zitayamba, ndipo ndinkadziwa kuti akundilemekeza. Choncho ndinayala nsalu yoyera pa tebulo la pabalaza, ndinaikapo buledi uja, tchizi, soseji yodula, minkhaka, botolo limodzi ndi tambula yabwino koposa m'nyumbamo. Ndinamuitana, ndinamulozera mpando, ndinaomba m'manja pang'ono, kenako ndinatseka chitseko. Ndinatenga mbale yanga ya mpunga ndi usipa n'kukakhala pakhonde, mtima uli m'malo kuti zonse ndazichita mwa dongosolo.

Patapita kanthawi mwana wanga anatuluka, manja akadali onyowa.

“Ababa, mwamuchita chiyani?”

“Ndamupatsa chakudya.”

“Sanadye. Wangokhala, manja pa maondo. Botolo sanalitsegule n'komwe.”

“Chalakwika ndi buledi?”

“Buledi alibe mlandu. Akuti mwamutsekera yekha chifukwa cha mowa, poti mkulu wa mpingo sangakhale tebulo limodzi ndi munthu wakumwa. Akuti sakufuna kukuvutitsani m'nyumba mwanu, kuli bwino mawa tipite ku loji.”

“Iwe, sunamuuze mwambo wathu?”

Anakhala pa chiundo cha khonde n'kugwira pakamwa. “Ndinaiwala kumuuza. Ineyonso ndinali nditauiwala. Kwawo munthu ukamusiya adye yekha ndiye kuti wamukwiyira.”

Ndinayang'ana mbale yanga. Mwambowu si woipa. Unasunga mtendere m'mabanja ambiri, ndipo bambo anga anamwalira asanadyepo ndi apongozi awo ngakhale ankakondana kwambiri. Koma ulemu umene ndinapereka unafika kwa mwini wake ngati chilango, ndipo ndikaumirira, mawa lake nyumba ikanakhalanso ya ine ndekha. Ndinauza mwana wanga kuti andiikire madzi a tiyi. Ndinanyamula mbale yanga n'kulowa.

Kuyenda kuchoka pakhonde kufika pa tebulo limenelo kunandilemera kuposa kugula mowa kuja. Mkamwini anaimirira atandiona. Ndinamuuza kuti akhale, ine n'kukhala moyang'anana naye. Ndinapemphera mwachidule m'Chichewa, iye anaweramitsa mutu. Kenako, ndi Chingerezi changa cha ku Kanengo kumene ndinagwira ukalaliki m'nyumba zosungira fodya, ndinamufotokozera kuti kwathu mpongozi timamusiya yekha chifukwa ndi munthu wamkulu, osati chifukwa walakwa. Anamvetsera mosamala, nkhope yake ikufiira pang'onopang'ono.

“Ndiye ndiyenera kudyera kuti, bambo?” anafunsa.

“Pomwepa, apongozi. Mwambo ndausunga kwa theka la chakudya. Theka linalo tidyera limodzi.”

Kuti asakayikenso, ndinatenga botolo lija ndi dzanja langa, ndinalitsegula, n'kuthira m'tambula mwachindunji monga timathirira zoziziritsa kukhosi. Thovu linakwera, linasefukira, n'kuyenderera pa nsalu yoyera mpaka pa thalauza langa. Tonse awiri tinalumphira kumbuyo. Iye ndiye anayamba kuseka, kenako ine. Anatenga tambula n'kundionetsa kuti amaipendeketsa, n'kuthira pang'onopang'ono m'mbali mwake. Ndinamuuza kuti luso limenelo ndaliona, koma sindikuganiza kuti ndidzaligwiritsa ntchito kwambiri.

Anadula buledi wakuda uja, anaikapo tchizi ndi kachidutswa ka mnkhaka, n'kundipatsa ndi manja awiri. Anali wowawasa ngati thobwa logona, ndipo nsagwada zinagwira ntchito. Ndinamaliza chidutswa chonse. Ine ndinamukankhira mbale ya usipa. Anatola kamodzi, anakayang'ana m'maso, n'kukadya ndi mutu womwe. Anatolanso kena popanda kumuuza.

Mwana wanga anabwera ndi tiyi, kamtsikana kali pambuyo pake ndi mbale ya makaroni. Kanaima pafupi ndi bambo ake kakuyang'ana nsomba zing'onozing'ono zija. Kanafunsa chinachake m'chinenero chawo, ndipo mayi ake anamasulira kuti kakufunsa ngati nsombazo zili ndi amayi awo. Ndinati zili nawo, koma anatsala kunyanja. Kanaganiza kaye, kenako kanatola kamodzi n'kukaika pamwamba pa makaroni. Sikanadye, koma kanasendera kufupi ndi bondo langa kuti kasankhe kena, ndipo kanatsamira pamenepo mpaka tinamaliza.

Za loji palibe anazitchulanso madzulo amenewo, ndipo ine sindinafunse. Masutikesi awo anagona pakhonde la mkati osatsegulidwa, kupatula kachikwama ka zogonera. M'mawa ndikusesa panja ndinamva akukambirana m'chipinda motsitsa mawu, m'chinenero chimene sindichimva. Ndinapitiriza kusesa, ndikubwereza malo amene ndinali nditasesa kale.

Kenako mwana wanga anatuluka atanyamula mulu wa zovala pa mkono.

“Ababa, wadirobu ya amama ili ndi kanthu?”

Inalibe kanthu. Chigawireni zovala kwa abale pambuyo pa maliro, ndinali ndisanaitsegulenso. Ndinaika tsache pansi, ndinakatenga kiyi m'kabati, ndipo tinalowa limodzi. Chitseko chake chinali chitauma, mpaka mkamwini anabwera kudzachikweza pang'ono kuti chitseguke. Mwana wanga anapukuta fumbi ndi kansalu, n'kuyamba kupachika madiresi a mwana, malaya a mwamuna wake, ndi zake. Mahang'ala anachepa, ndipo ananditumiza kuchipinda kwanga kuti ndikachotse ena pa majekete anga.