Masikono a Anthu Odzagula Nyumba Yathu

Mpaka lero ndikamva fungo la polishi wa mipando litasakanikirana ndi la masikono ongophula kumene, maganizo amandibwezera kumbuyo. Ndi fungo la Loweruka, chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'fulati yathu ya pamwamba penipeni ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow. Inali nyengo ija masamba amathothoka n'kumamatira pa masitepe a miyala, mvula yake yosatopa ija ikungowaza. Tinakhala m'menemo chibadwire changa, ndipo ine ndinkangodziwa kuti ndi kwathu, basi.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza chikwangwani atachikhoma pansi pa windo la kuchipinda kwanga. Adadi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti a landilodi, mzungu wachikulire amene ndinangomuonapo kawiri, akugulitsa nyumbayo. Mitengo ya nyumba inali itakwera moti aliyense wokhala ndi fulati ankafuna kugulitsa zinthu zisanatembenuke. Anatipatsa mpaka Khirisimasi. Kopita kunalibe.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkakwera sitima, kenako basi, kupita kunja kwa mzinda, kumene malo odyetsera ng'ombe ankasanduka nyumba. Matope okhaokha, mathirakitala achikasu, nyumba zofanana ngati mabokosi a machesi. Anthu akutchalitchi ankati tsogolo lili kumeneko, kukubwera sukulu, masitolo ndi ntchito. Adadi ankalowa m'nyumba yachionetsero chipewa chili m'manja, n'kufunsa mtengo ndi mawu awo akuofesi aja. Sabata iliyonse mtengowo unkakhala utasuntha. Pobwerera ankangoyang'ana pawindo, chala chikugogoda bondo. Atagonja pa zogula anayamba kusaka ya lendi komweko, koma nyumba imodzi oifuna ake mzere ngati pachipatala.

Tsono Loweruka ndiye linali la ogula. Mayi wa kukampani yogulitsa nyumba, wa nsapato zogogoda, ankabwera nawo awiriawiri. Amami ankawatchula kuti alendo. Ankadzuka m'mamawa, chitenje m'chiuno, kukolopa mpaka masitepe a eni ake, kupukuta magalasi, kenako n'kuyamba masikono. Anthu aja akalowa ankangomva, "Takulandirani, khalani pansi kaye," tiyi ali kale m'makapu a maluwa omwe ife sitinkaloledwa kuwakhudza. Ena ankakana modabwa, ena ankakhala ndithu. Ndiye azikatsegula kabati yanga, azikayeza khoma ndi tepi, nyenyeswa za sikono yathu zili pakamwa. Abale inu!

Zinkandiwawa koopsa. Ngakhale mwana ankatha kuona kuti nyumba ikawala ndiye kuti igulidwa msanga. Ndinawafunsa amami, m'Chingerezi changa cha ku Glasgow chimene chinkawatopetsa chija, chifukwa chimene ankadyetsera anthu odzatithamangitsa. "Iwe Tadala," anatero osasiya kusefa ufa, "munthu akalowa pakhomo pako ndi mlendo. Tandipatsira majarini uko."

Ndiye ndinaganiza zolipulumutsa ndekha banja lathu. Kuseri kwa wadiropu ya m'chipinda changa khoma linali litada bii ndi chinyontho, pepala lake likusupuka. Loweruka lina kunabwera mwamuna ndi mkazi wake woyembekezera, anthu omwetulira chilichonse, ndipo ndinangoona kuti awa agula. Atalowa m'chipinda changa ndinakankha wadiropu ija ndi phewa. "Taonani," ndinatero. "Komanso muli makoswe muno." Za makoswezo ndinanama. Nditatembenuka ndinapeza mayi wa nsapato uja ali pakhomo, akulemba zinthu m'foni yake.

Atapita, amami sanandikalipire, ndipo chimenecho ndi chimene chinandiopsa zedi. Anakhala pabedi langa akuyang'ana khoma lija. Kenako anavala jasi, anakulunga masikono otsala, n'kundigwira dzanja. Tinayenda pamvula mpaka ku ofesi ya mayi uja. Amami, munthu amene kuntchito kwake ankalamula manesi anzake, anaima pakauntala mutu ataweramitsa, timawu tochepa ngati mwana wasukulu. "Ndi mwana chabe uyu. Chonde, zisakafike kwa eni nyumba." Anandifinya dzanja mpaka nanenso ndinapepesa. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira nthawi imodzi, moti ulendo wonse wobwerera ndinakana kuwagwira dzanja.

Banja lija linagulabe, chinyontho chili chomwecho. Ife tinasamuka sabata ya Khirisimasi kupita ku kafulati ka lendi kunja kwa mzinda kuja, m'mphepete mwa matope aja, kumene basi ukaiphonya unkayamba wazizidwa mokwanira ina isanabwere.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti amami ndi amene anagulitsa nyumba yathu ndi masikono awowo. Chaka chatha nanenso ndinali pa mzere wosaka ya lendi, ndipo eni nyumba anandiuza kuti ndibweretse kalata ya umboni yochokera kwa landilodi wanga wakale. Ndinawaimbira amami kuti ndidandaule. Anaseka, n'kundiuza kuti yathu ya nthawi ija akuisungabe m'chikwama cha mapasipoti. Mabanja ofuna kafulati kaja anali ambiri, ndipo ife, a dzina lovuta kulitchula, tinalibe chotiposetsa anzathu kupatula mizere itatu ya m'kalata ya a landilodi athu aja, yonena kuti ndife anthu aukhondo, osavuta.

"Iwe ukuganiza kuti ndinkawakonda anthu aja?" anatero amami. "Ndikawathirira tiyi ndinkalowa kubafa, n'kutsegula mpopi kuti usandimve ndikulira."

Mpopi umenewo ndinkaumva Loweruka lililonse. Ndinkangoti akutsukanso sinki kuti alendo aione ikuwala.