Mahandulo a kabati ya a Namaliya

A Silvesta Kalimbira anaphunzira ukalipentala ku Mua ali mnyamata, m'masiku amene wophunzira ankayamba ndi kunola zida za ena asanaloledwe kukhudza thabwa. Atakwatira anakakhala chikamwini kwa akazi awo, a Namaliya, m'mudzi wina pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, ndipo benchi yawo anaiimika patsinde pa mtengo wa bwemba. Zitseko zambiri za m'mudzimo anakhoma ndi iwo. Mabokosi a maliro ankakhomanso, kawirikawiri mongothandiza, koma zimenezo palibe akuzikumbuka. Anthu a kuno amasunga chimene wawalakwira basi.

Chinthu choyamba chimene anapangira akazi awo chinali kabati ya mbale, ya mtengo wa mlombwa. Mahandulo ake anali a mkuwa weniweni, olemera m'manja, omwe anazula pa kabati yodyedwa ndi chiswe imene mwini sitolo wina anataya posamukira ku tauni. A Namaliya ankawakwecha ndi mchenga ndi phulusa, monga amayi onse kuno amakwechera mapoto. Mkuwa suopa mchenga. Pamene ukuukwecha ndi pamenenso ukuwala.

Matipate atabwera, panabweranso zambiri zimene palibe anaziitana. Anyamata opita ku Joni anayamba kumanga nyumba za malata zokhala ndi khitchini m'kati. Pa Golomoti panamera makalipentala ophunzira dzulodzuloli, okhoma makabati a matabwa opyapyala, n'kuwathira vanishi wambiri, n'kuwandanda m'mbali mwa msewu. Anthu anakhamukira komweko. Pa benchi ya a Silvesta panangotsala mipini ya makasu ndi miyendo ya mipando yothyoka. Chimene chinawatsalira ndi mbiri yokha, yakuti chomwe akhoma a Silvesta mwini wake amafa n'kuchisiya chilipo. Munthu wokalamba wopanda ng'ombe, mbiri ndiyo ng'ombe yake.

Chaka china mnyamata wa mudzi woyandikana nawo, Emmanuel, anabwera kuchokera ku Joni kudzakwatira mtsikana wotchedwa Yunisi, ndipo anafuna makabati a m'khitchini ya nyumba yake yatsopano. Iye ankafuna za pamsewu zija, koma mayi ake, a Anna, anakana, nati ntchitoyo ipite kwa a Silvesta. Mkuluyo anadziwa kuti mpata wina wotere sudzabweranso. Paukwati pamabwera anthu, ndipo amayi amasuzumira m'khitchini asanaone mkwatibwi. Anasankha mlombwa wouma bwino, naupala mpaka kuterera. Kenaka anapalasa njinga kupita pa Golomoti, ku hadiweya ya Nasoni, kukasankha zitsulo.

"Madala, lero mwabwera kudzagula, kapena kudzatinyoza ngati masiku onse?" anafunsa Nasoni.

"Tandionetsa mahandulo iwe. Ndi mahinjesi omwe."

Nasoni anayala katundu pa kauntala. "Awa ndi asiliva, awa akuda, awa agolide. Agolidewa ndi amene akuyenda. Ku Lilongwe nyumba iliyonse ndi amenewa."

A Silvesta ananyamula limodzi lagolide. "Bwanji likupepuka ngati chitsekerero cha botolo?"

"Mukufuna handulo kapena nyundo? Chitseko cha kabati satsekulira ndi makilo, madala."

Pansi pa shelefu panali kabokosi ka mahandulo ena, achitsulo chosagwira dzimbiri, olemera koma osawala, otuwa ngati mpeni wakale. A Silvesta anawagwira, nawabwezera. Anaganiza za amayi a paukwati, kuti akaona zotuwazo adzati ndi ntchito ya nkhalamba. Anakanda lagolide lija ndi chikhadabo, osachoka kanthu. Anagula agolidewo, ndi mahinjesi a mtundu womwewo. Zaka zonse zija ankaona akazi awo akutola mchenga m'mawa uliwonse, koma pa kauntala pa Nasoni zimenezo sizinawabwerere m'mutu.

Makabati anakongola, zimenezo ngakhale adani awo sanatsutse. Patsiku la ukwati amayi ankalowa m'khitchini awiriawiri, kutsekula ndi kutseka zitseko, ndipo amayi awiri anawauza a Silvesta kuti akakolola adzafuna otere. Madzulo a tsikulo a Namaliya anadabwa kumva amuna awo akuimba mluzu.

Yunisi anali mtsikana wolangidwa bwino. Alangizi anali atamuuza kuti mkazi amadziwika ndi ziwiya zake, ndipo chitsulo chilichonse cha m'khitchini chiziwala. Utsi wa mbaula ndi mafuta a nsomba zitadetsa mahandulo aja, ndipo atamva kuti apongozi ake akubwera kudzacheza, anatenga mchenga wa kumtsinje ndi phulusa, nakwecha ndi mphamvu zake zonse. Golideyo anasupuka ngati khungu la njoka. Pansi pake panali chitsulo chotuwa, cha mawangamawanga. Chinyezi cha mvula zoyamba chinamaliza ntchito: mahinjesi anayamba kudontha dzimbiri pa thabwa.

A Anna sanadikire kufunsa. Anafika pa bwemba paja ali chilili, osakhala n'komwe pa mpando umene anawapatsa.

"A Silvesta, ine ndinakangana ndi mwana wanga chifukwa cha inu. Ndiye mwatiikira malata opaka utoto? Ukalamba ndi umenewu, kapena mwayamba kuba?"

Ananena mokweza, ndipo pachitsime chapafupi panali anthu. Sabata lisanathe, amayi awiri aja anatumiza mawu kuti asintha maganizo.

A Silvesta anapita kukaona okha. Anamupeza Yunisi maso ali ofiira.

"Agogo, ndaononga ndine. Sindinadziwe kuti sakwecha."

"Iwe wachita zomwe anakuphunzitsa amayi ako. Chitsulo choopa mchenga si cha m'khitchini. Wolakwa ndi amene anachisankha."

Anazula handulo limodzi, napalasa njinga mpaka pa Golomoti, naliponya pa kauntala.

"Amenewa amapukuta ndi kansalu konyowa basi," anatero Nasoni, osachita manyazi ngakhale pang'ono. "Pa katoni analemba."

"Katoniyo unandipatsa? Nanga kuchokera pano mpaka ku Mtakataka ungandilozere mkazi mmodzi wotsuka chitsulo ndi kansalu? Bweretsa otuwa aja."

"Anatha. Anatenga a ku chipatala china."

A Silvesta anagula limodzi lasiliva ndi limodzi lakuda, natuluka panja, natapa mchenga pansi, nayamba kukwecha pomwepo anthu a minibasi akuonerera. Lasiliva linasupuka. Lakuda linasupuka msanga kuposa linzake. Anawasiya pakhomo pa hadiweyapo, nagula mahinjesi wamba achitsulo, oti aziwapaka mafuta monga ankachitira kale. Koma mahandulo analibe.

Kunyumba anakhala masiku akuiyang'ana kabati ya akazi awo. Anaikhoma ndi iwo, inde, koma mkamwini alibe kabati. Ili m'nyumba ya mkazi, pa dothi la mkazi, ndipo amene anawalitsa mkuwawo zaka zonsezi si iwo.

"Inu, ndakuonani," anatero a Namaliya akusankha nyemba pakhonde. "Mukuizungulira kabati yangayo ngati mphaka woona nsomba. Nenani."

"Ndimati mwina mahandulowo..."

"Mwina chiyani? Mukazula, ine ndizitsekula ndi mano?"

"Ndikuikirani aja a kwa Yunisi."

"Osupuka aja? Zikomo kwambiri, bambo. Golide munakagulira ana a eni, ine mundipatse makoko ake." Anapitiriza kusankha nyemba. "Pogula munandifunsa? Mukanandionetsa, ndikanakuuzani ndisanadzuke n'komwe pamphasa pano."

A Silvesta anachoka pakhondepo. Anakakhala pa benchi yawo, namanola tchizulo imene inali yakuthwa kale.

Patapita kanthawi anamva kukhwekhwereza m'nyumba. Atasuzumira anapeza a Namaliya atagwada pa kabati, akumasula masikuluu ndi nsonga ya mpeni wa ndiwo.

"Mundionongera mitu ya masikuluuwo, dikirani ndibweretse chomasulira," anatero a Silvesta.

"Khalani chete. Ndipo mumve bwino: si inu ndikupatsa. Ndikupatsa mwana uja. Amene uja amadziwa kukwecha."

M'mawa mwake a Silvesta anakamanga mkuwawo pa makabati a Yunisi. Mabowo akale sanagwirizane ndi mahandulo atsopanowa, choncho anawatseka ndi timitengo ta mlombwa womwewo, napala, naboola ena. Atamaliza anamuuza Yunisi kuti abweretse mchenga. Mtsikanayo anazengereza.

"Kwecha. Usaunyengerere."

Anakwecha, ndipo mkuwawo unawala kuposa golide uja ali watsopano.

Mwa amayi awiri aja, mmodzi anabweranso pambuyo pokolola, nati akufuna kabati koma zitsulo akasankhe limodzi ndi a Namaliya. Winayo anali atagula kale ya pamsewu, imene pano chitseko chake amachitchinjiriza ndi mwala. A Anna, amene anatchula mawu akuba pachitsime pali anthu, sanabwere kudzawabweza. Amangopereka moni ngati panalibe kanthu. Nasoni akugulitsabe agolide aja, ndipo wakuza hadiweya yake.

A Silvesta akukhomabe, ngakhale maso ayamba kuchepa mphamvu. M'thumba la malaya awo amayenda ndi kabotolo ka mchenga, ndipo a m'mahadiweya akawaona akubwera amabisa katundu wonyezimira. Mawu akuba aja anazilala, poti aliyense wolowa m'khitchini ya Yunisi amafunsa amene anakhoma.

Kabati ya a Namaliya ili ndi mahandulo osupuka aja mpaka lero. A Silvesta anapeza ena abwino ku Salima, koma mayiwo anakana kuti asinthe. Sawakwecha, ndipo dzimbiri latsika mizere iwiri pa mlombwa. Mlendo akafunsa, iwo amaloza ndi chibwano ku mtengo wa bwemba, n'kunena kuti, "Kafunseni amisiri."