Makapisozi ofiira a pamzere wa feteleza

Chaka chimene makuponi anatipengetsa kwambiri ku Chulu, ndinkadzitama kuti palibe amene angandipusitse pamalonda. Tsiku lina tili pamzere kudepoti, bambo wina wa jekete lalikulu anandionetsa botolo la makapisozi ofiira, aja amadontheza mkamwa mwa ana kusikelo.

"Vitamini A weniweni uyu, achimwene."

Tinakokana mpaka mzere unatisiya. Pomaliza anandipatsa botolo lonse posinthana ndi pampu ya njinga yotha mpira. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, ndikumumvera chisoni munthuyo.

Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi iwiri. Nzeru zanga zinayenda motere: fodya timamuthira feteleza wokulitsa akadali wamng'ono, nanga mwana alekerenji? Ndinayamba kumupatsa kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse.

"Kodi ndine munda ine?" anafunsa.

"Mezani, mayi, mudzandithokoza."

Patapita milungu itatu, mutu unkamuwaza, milomo inang'ambika, chilichonse akadya ankasanza. Ndinamukweza panjinga kupita kuchipatala, botolo lili m'thumba, ndikuganiza kuti anamwino andiyamikira.

Anamwinowo analitembenuza botolo lija kawiri, n'kundiyang'ana ngati mbuzi yalowa m'nazale.

"Mwana wa kusikelo timamupatsa kamodzi, n'kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Mayi woyembekezera sitimupatsa n'komwe amenewa. Inu mumawapatsa kangati?"

"Kamodzi basi. Patsiku."

"Tamverani, bambo. Vitamini ameneyu akalowa m'thupi amasanduka mankhwala ena, amene amalozera mitsempha ya mwana koti ikulire. Mtsempha uliwonse uyenera kuchoka kumsana n'kukapeza mnofu wake, kuti uzikawuuza kuti finya, masuka. Akachepa vitaminiyo, zinthu sizipangika bwino. Akachuluka chonchi, n'chimodzimodzi, ndipo amatha kuononganso mtima ndi nkhope."

Pakamwa panga panayankha pokha, mwachizolowezi. "Nanga titachepetsa, theka patsiku?"

"Pano si pamsika! Mwanayu mwina sadzatha kugwira kanthu kapena kuponda pansi, inu mukunenerera?"

Botolo analitsekera m'kabati. Pobwerera mkazi wanga anakana njinga. Anayenda pansi njira yonse, ine ndikukankha pambuyo.

Miyezi yotsatirayo m'nyumba munali ngati mwa anthu odana malire. Madzi osamba ndinkadzitungira ndekha. Mwana atayamba kugunda m'mimba ndinamvera kwa mlamu wanga kudimba, nayenso anandiuza ali chozondoka, akuthirira. Nditayesa kuika dzanja pamimbapo, analikankha.

"Mukufuna muone ngati mbewu yanu yamera?"

Anabadwa wamkazi, nthawi yosankha fodya. Nkhope yabwinobwino, miyendo ikupalasa. Ndinaika chala m'dzanja lake lamanja, anachifinya. Ndinaika kumanzere, tizala tinangogona. Dokotala wa ku boma anati sanganene motsimikiza kuti ndi makapisozi aja, poti zoterezi zimachitikanso pazifukwa zina. Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Mkazi wanga anangoti, "Adokotala sanali kumeza nawo."

Mtsikanayo anakula, amathamanga, amalemba bwino kuposa ine. Koma chidebe amasenza ndi dzanja limodzi, ndipo mabatani a yunifolomu ankamumangira amayi ake. Ali sitandade 3 anafunsa chifukwa chake dzanja lakelo silimva zimene iye akuliuza.

"Kafunse abambo ako," anatero amayi ake, osatukula mutu.

Anabweradi pamene ndinali kumata chubu, n'kuima patsogolo panga. Ndinamuuza kuti andipatsire guluu.