Mzinda wa agogo Mulimba

Agogo anga aamuna, a Mulimba, anamwalira Lachinayi, fili koloko masana, pensulo ili pakhutu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Anali ocheka matabwa kuphiri la Zomba. Akatsika madzulo, malaya akununkhira utomoni wa paini, utuchi uli mbuu m'tsitsi, ankayala pepala la thumba la simenti pakhonde pathu ku Zakazaka n'kumajambula mzinda. Unali wongoganizira, koma misewu inalimo, msika, ngakhale mijigo. Zomwe munalibe ndi msonkho, laisensi ndi wolamula. Iwo anathawa ku Mozambique, kumene mfuti ndiyo inkauza munthu pomanga nyumba.

A Nachisale, oyandikana nafe, ankawaseka. "Nanga zinyalala adzatola ndani, a meya?"

"Amene zamununkhira, mayi."

"Wakuba?"

"Sadzapeza womugulitsa mchere."

Agogo sankajomba pamaliro. Koma m'dera lathu atayamba kulemba m'kope mayina a obwera kumanda, analeka kupita. "Kumaliro ndimapita ndi mtima, osati kukayankha dzina ngati kusukulu," anatero. Amayi anawachonderera, osamva.

Atamwalira, adzukulu, anyamata okumba manda aja, anakana kugwira khasu. Anati dzina la a Mulimba mulibe m'kope. Kwawo kokawaika kunalibe, mudzi wawo unapsa pankhondo. Thupi linagona m'nyumba masiku awiri, kunja kukutentha, amayi akufukiza masamba a bulugama. Pabwalo panali a Nachisale okha, akuimba nyimbo ya Mulungu ndi mawu osasa.

Loweruka kunatsika anzawo anayi ocheka matabwa, bokosi atasenza, makasu obwereka. Palibe anawaitana. Anakumba mpaka manja kuchita matuza, ndipo atafika pamwala, wamkulu wawo anapukuta thukuta nati, "Atikhululukira achimwene, apa pakwana." Manda anali osaya. Tinaunjikapo miyala poopa agalu.

Nthawi zina ndimati agogo ankanena zoona, chifukwa anthu anayi aja anabwera mwa kufuna kwawo. Koma ndimakumbukiranso nkhope ya amayi masiku awiri aja.

Amuna anga anandisiya chaka chatha, ndili ndi ana atatu kuno ku Mtiya. Maliro akagwa, kaya ndikumudziwa munthuyo kaya ayi, ndimatenga chitenje ndi mbale ya ufa. Ndisanakhale pansi ndimafunsa amene ali ndi kope, n'kulembetsa dzina langa ndi la ana.